Nyanja Yothawa ya ku Blackpool

Amalawi ophunzira ku Manchester tonse ndife eni nyanja. Ngakhale mnzathu wa ku Mchinji, amene Senga Bay anangoiona pa kalendala, akakhala pakati pa azungu amakamba za mafunde ngati anabadwira m'bwato. Choncho gulu lathu la pa WhatsApp litamanga mfundo yoti Loweruka tikaone Blackpool, anthu analongedza makabudula ndi matawulo. Achemwali athu ophunzira unamwino anaphika kamba wa mpunga ndi nkhuku, ati za m'malesitilanti sizikhalitsa m'mimba.

M'sitima munali zii. Azungu aliyense maso pa foni kapena pa buku, ife nkhani zili pakamwa, kontena ya nkhuku yatsegulidwa kale tisanatuluke mumzinda. Mkulu wathu, bambo wa PhD ya zachuma amene timangowatchula kuti adokotala ngakhale sanamalize, anaponda phazi la mayi wina. Mayiyo ndi amene anapepesa. Adokotala anavomera chipepesocho ndi mtima wonse.

Titafika, nyanja kunalibe. Kunali mchenga wonyowa wotambalala mpaka kutali, madzi akungooneka kamzere kotuwa uko.

"Achimwene, kodi kunonso kwagwa chilala?" anafunsa wa ku Mchinji.

Gogo wina woyenda ndi galu anatifotokozera kuti nyanja ya kuno imachoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo nthawi yake imalembedwa pa chikwangwani. Adokotala anakawerenga chikwangwanicho manja ali kumbuyo, nabwerako okhumudwa. Ati dziko limene ngakhale madzi amasunga nthawi n'lovuta kukhalamo.

Eni dziko sizinawakhudze. Mwambo wobwera kuno ndi wakale: m'zaka za m'ma 1800 mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankatseka kwa sabata yathunthu, antchito n'kudzaza sitima kudzapuma pa gombe lomweli. Zidzukulu zawo zinalandira mwambowo pamodzi ndi kupirira kwake. Banja limafika, kukhoma kansalu kotchinga mphepo, kukhala pampando litavala majekete, n'kumamwa tiyi wa m'fulasiki likuyang'ana komwe kukanakhala madzi. Milomo yachita kuuma ndi chisanu, koma ukadutsa amakumwetulira n'kukuuza kuti lero kwacha bwino. Ndipo uyenera kuvomera. Kutsutsa mzungu pa nkhani ya nyengo ndi mwano waukulu, ngakhale chipewa chako chikuuluka iye akuona.

Wa ku Mchinji, pofuna kuteteza mbiri ya dziko, anavula nsapato n'kulondola nyanja ija wapansi. Atayipeza anaviika chala chimodzi. Anabwerako akuyenda mwaulemu, n'kulengeza kuti madzi amchere amawononga khungu.

Chimene chinatigwira mtima ndi abulu. Pa gombe la Blackpool abulu amanyamula ana pamsana, atavala tizingwe tokongola tolembedwa maina awo. Ali ndi malamulo a khonsolo owateteza: nthawi yopuma masana ilipo, ndipo munthu wolemera kupitirira makilogalamu pafupifupi 50 sakwera. Achemwali, amene usiku amagwira ganyu kunyumba yosamalira okalamba m'mawa n'kuthamangira m'kalasi, anaima nthawi yaitali akumuyang'ana bulu wina akudya udzu wouma mosatekeseka.

"Adokotala, tafunsani ngati akulemba ntchito," anatero.

Nkhomaliro inali nsomba ndi tchipisi, poti nkhuku inathera m'njira. Tinaima pamzere mwadongosolo, aliyense malo ake, mpaka titalandira nsomba yokutidwa ndi ufa wokazinga, yowazidwa viniga, yopanda minga, yopanda mutu. Adokotala anafunsa mtsikana wogulitsa kuti mutu wake wapita kuti. Mtsikanayo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma munthu amene anakulira pa mutu wa chambo saseka pa nkhani yotere. Mlandu usanathe, mbalame yoyera ya kunyanja inatsika ngati mphamba pa anapiye n'kunyamula theka la nsombayo m'manja mwawo. Inakatera pafupi pomwepo n'kumadya ikuwayang'ana m'maso. Palibe anatola mwala. Azungu oyandikana nafe anangopepesa m'malo mwa mbalameyo.

Madzi anabwerera madzulo pa nthawi yake yeniyeni, koma apa n'kuti tonse tili m'nyumba ya masewera, tikuponya tindalama ta 2p m'makina amene amatikankhira kutsogolo osatigwetsa. Katswiri wathu wa zachuma ndiye analuza zambiri.

Ntchito yeniyeni ya ulendowu inali zithunzi. Blackpool ili ndi nsanja yachitsulo yotalika mamita 158, imene inatsegulidwa mu 1894 motengera Eiffel Tower ya ku Paris. Tinavula majekete, kuvala magalasi a dzuwa, kumwetulira mano akugwedezeka, wojambula atagwada kuti nsanja ilowe yonse koma mitambo isaoneke kwambiri. Pofika pa siteshoni zithunzi zinali zili kale pa Facebook.

Sitima isananyamuke, foni ya wa ku Mchinji inalira. Unali uthenga wa amalume ake: "Mphwanga, taona kuti Mulungu wakudalitsa, wafika mpaka ku France. Ndiye ya feteleza ija utumize matumba anayi, awiri aja tinangonena poganiza kuti ukuvutika."