Ulemu Upite kwa Kaloko wa pa Memori Khadi

Kunyanja kuno timatamanda zikuluzikulu zokhazokha: mwera, kampango, tchalitchi cha ku Messumba. Lero tiwombereko m'manja kapulasitiki kamene kamakhala m'mphepete mwa khadi ya SD, pafupi ndi mawu akuti Lock. Kuchokera ku Metangula mpaka ku Cóbuè, Kaloko ameneyu ndiye mlonda yekhayo amene sanalandirepo ya fanta.

Taonani ntchito zake. Mnyamata woika nyimbo m'makhadi pamsika walemba kapulogalamu koti kazimukoperera nyimbo iye akuwerenga ndalama. Kathamanga, kanena kuti zatheka. Msodzi walipira mametikali ake, wapalasa bwato mpaka kwawo, waika khadi m'wailesi: zii. M'mawa mwake wafika nkhope ili gwaa. Mnyamata uja achezera usiku kusintha mizere ya kapulogalamu mpaka batire la sola kutheratu. Wina akuti ndi vairasi, wina akuti mnzake wa benchi yoyandikana wamuyendera kwa sing'anga. Chonsecho Windows inanena kale m'Chipwitikizi kuti khadiyo ndi yotetezedwa, simungalembemo, koma uthengawo unangoti pheni pawindo lakuda, ndipo kapulogalamuko sikanaphunzitsidwe kufunsa ngati fayilo yalowadi. Kamangolengeza chipambano. A Kaloko ali duu, osadziwika n'komwe.

Chimene ndimawagomera kwambiri n'chakuti mlondayu alibe chibonga. Kuyambira 1999, pamene SanDisk, Panasonic ndi Toshiba anatulutsa khadi ya SD, kapulasitikika sikanalumikizidwepo ndi waya aliyense wa mkati mwa khadi. Khadi yeniyeniyo sidziwa kuti yatsekedwa. Ndi kachitsulo ka m'chowerengera makhadi kamene kamapapasa pambalipo, kakapeza mpata n'kuuza kompyuta kuti pano usalembe. Kompyuta yamtengo wa maukonde awiri n'kumvera! Ndani wina kuno amalamula chonchi popanda chidindo, popanda yunifolomu? Zowerengera zina zotchipa zilibe kachitsuloko, zimangolemba osapempha. Ndi zopanda mwambo zimenezo.

Komanso a Kaloko sadikira kutumidwa. Timakhadi ta m'foni tilibe loko, koma adaputa imene timatilowetsamo ili ndi loko wake. Adaputa ikakalamba, a Kaloko amakhwepa, ndipo mukamakankha khadi m'laputopu amatsetsereka okha kukatseka pakhomo. Mukaitulutsa kuti muone, mwina chala chanu chawabwezera kale pamalo pake, akuoneka osalakwa. Mchenga wa padoko ukalowa m'chowerengera n'kupinda kachitsulo kaja, khadi iliyonse imasanduka yotsekedwa. Changu chotere pantchito mungachipeze mu ofesi iti?

Mtundu wawo ndi wakale. Amene anakula ndi makaseti akukumbukira kuthyola kapulasitiki ka pamwamba kuti mlamu asajambulire mpira pa nyimbo zakwaya, kenako kumata selotepi pabowopo mukafuna kujambulanso. Selotepi yomweyo, yomatidwa bwino kuti a Kaloko asasunthe, imagwirabe ntchito lero.

Ali ndi msuweni wawo m'fulashi, wosaoneka ndi maso, ndipo uyu ndiye wouma mutu. Nthawi zina amamva mukatsekula diskpart mu Windows, kusankha fulashiyo n'kulemba attributes disk clear readonly. Akakanabe, kawirikawiri ndiye kuti kachipangizo ka mkati kaona kuti fulashi yatha mphamvu, kadzitsekera kuti zimene zilimo zisawonongeke. Kuwerenga akulolani, kulemba ayi, ngakhale mutapita nayo ku Lichinga. Pamenepo musakangane naye. Koperani zithunzi zaukwati zija msangamsanga, mukagule ina.

Tsono achimwene a pamsika, wonjezerani mzere umodzi woti kapulogalamu kanu kaziona ngati fayilo yafikadi m'khadi, kakalephera kazinena. Ndipo msodzi asanakwere bwato, muyimbireniko nyimbo imodzi ya m'khadimo amve yekha.