Malangizo kwa Bwana Wopita Kukasamba ku Mapiri a ku Japan

Dziko la Japan lili ndi mapiri ophulika moto 111 amene akadali amoyo, ndipo pansi pa nthaka yake madzi amawira usana ndi usiku. Anthu ena akanasamuka kalekale. Eni dzikoli anamanga nyumba zogona alendo pamwamba pa zithupsazo n'kuyamba kulipiritsa. Nyumbazi amati ryokan, akasupe otenthawo amati onsen. Ngati ndinu munthu amene mukalowa mu ofesi anthu amaimirira, malangizo awa ndi anu, bwana. Cholinga chake n'chakuti mukalowe m'nyumba yotere ndi ubwana wanu ndipo mukatulukemo nawo wonse. Zimavuta, koma tiyeni tiyese.

1. Sankhani nyumba yakale, koma musayembekeze kuti akunjenjemererani

Munthu wa msinkhu wanu sangagone paliponse. M'mapiri a Yamanashi muli Nishiyama Onsen Keiunkan, imene inatsegulidwa m'chaka cha 705. Mu 2011 a Guinness World Records anailemba kuti ndiyo hotelo yakale kuposa zonse padziko lapansi, ndipo banja limodzi linaiyendetsa kwa mibadwo 52. Hoshi Ryokan ya ku Ishikawa, ya m'chaka cha 718, ndi mwana wa dzulo. Vuto ndi lakuti anthu amene akhala akulandira alendo kwa zaka 1,300 sadzidzimuka ndi khadi lolembedwa maudindo anayi. Adzalilandira ndi manja awiri, adzawerama, kenako adzakufunsani nthawi imene mukufuna kudya. Dziwaninso kuti mtengo ndi wa pamutu, osati wa chipinda. Chizolowezi cholipirira munthu mmodzi n'kulowetsamo atatu chisiyeni kunyumba.

2. Gulani sokosi zatsopano

Nsapato zanu zonyezimira zija ulendo wake umathera pakhomo. Pamenepo akupatsani masilipasi oyendera m'khonde. Mukafika pamphasa za m'chipinda, zimene amati tatami, muwavule. Mukalowa m'chimbudzi mupezamo ena, amene ntchito yawo ndi ya m'chimbudzi mokha. Tsiku lina mudzaiwala n'kukalowa nawo kodyera. Palibe amene adzakuuzeni. Onse adzayang'ana kumapazi kwanu n'kuweramitsa mitu, ndipo inu mudziuze kuti ndi ulemu.

3. Musaitane apolisi mukaona chipinda

M'chipinda mupeza katebulo kofika m'mawondo, tiyi, kaswiti kamodzi, ndi zenera loyang'ana kuphiri. Katundu sanabedwe ayi, ndi momwemo. Bedi palibe. Inu mukamadya, wantchito adzatulutsa matiresi opyapyala otchedwa futon m'kabati n'kuyala pansi. Munakhetsa thukuta zaka zonsezi kuti muchoke pamphasa ya kwa agogo, ndipo lero mwawoloka nyanja kudzagonanso pansi, molipira. Musang'ung'udze. Walira mvula walira matope.

4. Vulani suti mwaulemu

Mlendo aliyense amapatsidwa mkanjo wopepuka wa thonje, yukata, ndipo ndi umene amadyera, kuyendera ndi kugonera. Mkulu wa kampani ndi dalaivala wake amavala nsalu yofanana maluwa. Kuti musiyaneko ndi gulu, mukhoza kupinda mbali ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere. Ku Japan amaveka choncho mitembo yokha. Amoyo amaika mbali ya kumanzere pamwamba. Komabe njira ya mtemboyi ili ndi phindu lake: chipinda chonse chidzakhala chete inu musanatsegule n'komwe pakamwa.

5. Kosambira: apa ndiye pagona nkhani

Pakhomo la amayi nthawi zambiri pamapachikidwa nsalu yofiira, la abambo yabuluu. Nyumba zambiri zimasinthanitsa zipinda ziwirizi usiku kapena m'mawa, kuti aliyense alaweko dziwe la mnzake. Choncho musakhulupirire khomo limene munalowera dzulo. Yang'anani nsalu. Munthu wozolowera kuti ena amutsegulire zitseko asamale kawiri.

Mkati muli dengu. M'dengumo musiye zonse, ndipo tikati zonse sitikusiyako kabudula wamkati. Foni siloledwa. Wotchi ndi mphete nazo vulani, chifukwa madzi a sulufule amadetsa siliva. Ngati muli ndi zojambula pakhungu, funsani musanapite: nyumba zambiri zimabweza anthu otere pokumbukira zigawenga za yakuza, zimene zimadziwika ndi zojambula thupi lonse.

Musathamangire m'dziwe. Khalani kaye pakampando kofupika, mudzipake sopo, mudzikhule, mudzitsukuluze mpaka thovu lithe. Dziwelo ndi la anthu osambasamba, lolowamo kukangokhala. Adzakupatsani kathaulo kosakwana kubisa chilichonse chofunika kubisa, ndipo nakonso sikaloledwa kukhudza madzi. Anzanu amakapinda n'kukaika pamutu. Chitani zomwezo, muzikhulupirira kuti ndi chisoti.

Lamulo la akasupe la 1948 limati madzi ndi onsen ngati atuluka pansi ali ndi madigiri 25 kapena kuposa, kapena ngati ali ndi mchere wina wa m'gulu limene lamulolo linatchula. Nambala 25 isakunyengeni. M'dziwe madzi amakhala cha m'ma 40 mpaka 42. Ku Kusatsu, m'mapiri a Gunma, amatuluka otentha moti sungaponyemo phazi, ndipo eni mudzi safuna kuwasungunula ndi madzi ozizira poopa kuwachepetsa mphamvu. M'malo mwake amawatakasa ndi matabwa aataliatali uku akuimba, mwambo umene amati yumomi. Madzi omwewo ndi a asidi, ndipo amanunkha mazira owola. Mukaona anthu akukonza madzi ndi mithiko ikuluikulu, musafunse kuti ndiwo zake n'chiyani.

Lowani pang'onopang'ono, osakuwa. Mukafuna kukuwa, tulutsani mpweya wautali ngati munthu amene wakhutira ndi moyo. Nkhalamba imene ili pambali panu ikuchita zomwezo, kusiyana kwake n'kwakuti iyo ikunena zoona. M'nyengo yozizira pitani padziwe la panja, pamene mutu umakutidwa ndi chipale thupi likupsa. Ku Tsurunoyu, m'dera la Nyuto ku Akita, dziwe la panja ndi la amuna ndi akazi omwe, koma madzi ake ndi oyera ngati mkaka. Mirani mpaka m'khosi, muthokoze Mulungu chifukwa cha sulufule.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu adzadziwa bwanji kuti ndinu bwana. Chizindikiro cha udindo chimene sichikwana m'dengu ndi chimodzi chokha, mimba. Itsogozeni.

6. Idyani ndi maso poyamba

Chakudya cha madzulo chimabwera cha m'ma 6 kapena 7 koloko, ndipo sichidikira munthu amene amafika mochedwa kuti aoneke wofunika. Amachitcha kaiseki: timbale tambirimbiri, kalikonse kokhala ndi kanthu kofanana ndi chala. Kumapiri mudzadya masamba a m'tchire, bowa, nsomba ya mumtsinje yowotcha ndi mchere. Ku Nagano ndi ku Kumamoto angakupatseni nyama yofiira yaiwisi yodulidwa mopyapyala. Ndi ya hatchi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pano ndi bwino kufunsa mutameza kale. Mpunga umabwera kumapeto kwenikweni, mutataya mtima. Musazike timitengo todyera chilili mumpungamo, chifukwa umo ndi mmene amaperekera chakudya kwa akufa, ndipo nkhani ya mkanjo ija anthu sanaiwale.

M'mawa kuli nsomba, mpunga, msuzi wa miso ndi natto, soya wowoletsa amene amatulutsa ulusi wonanda kuchokera m'mbale mpaka kukamwa. Ngati njira yanu idutsa ku Hakone, imani ku Owakudani mugule mazira ophikidwa m'kasupe, amene zikamba zake zimada bii. Chikhulupiriro cha kumeneko n'chakuti dzira limodzi limawonjezera zaka 7 pa moyo. Asanu ndi zaka 35, zokwanira materemu asanu ndi awiri. Andale asapitirire pamenepo.

7. Musachitire nsanje anyani

Ku Jigokudani, m'mapiri a Nagano, kuli malo amene anatsegulidwa mu 1964 kumene anyani amasamba m'dziwe lawolawo la madzi otentha. Salipira, sadzipaka sopo, ndipo alendo ochokera kutali amayenda m'chipale kukawajambula. Akatswiri a pa yunivesite ya Kyoto anafalitsa kafukufuku mu 2018 woonetsa kuti kusambako kumachepetsa nkhawa mwa anyaniwa, komanso kuti anyani aakazi a udindo waukulu amakhalitsa m'madzi kuposa anzawo apansi. Ndiye kuti m'mapiri onsewa, dziwe limene limalemekeza maudindo lilipo ndithu. Tsoka lake anthu saloledwa kulowamo.

8. Lipirani, kenako lembani lipoti

Pofika 10 koloko m'mawa muzikhala mutalongedza. Pa bilu mudzaona kamsonkho ka osamba, kawirikawiri 150 yen pamutu. Musakatsutse, kamapita ku khonsolo ya deralo. Kangachepe ka m'manja sikofunika, ndipo mukasiya ndalama patebulo wina akhoza kukuthamangirani nazo poganiza kuti mwaiwala. Mayi woyang'anira nyumba, amene amati okami, adzatuluka ndi antchito ake n'kumawerama mpaka galimoto yanu itakhota. Sangalalani nazo, koma musacheuke kawiri, mungaone akuchitira zomwezo mnyamata wa sukulu wa chikwama kumsana.

Mukafika kuntchito adzafuna kudziwa kuti ndalama zonsezo zinapita kuti. Lembani kuti munali pa ulendo wokaphunzira za mphamvu ya kutentha kwa pansi pa nthaka, ndipo munaifufuza mozama, mpaka m'khosi. Owerengera ndalama akapempha zithunzi, auzeni zoona: makamera ndi oletsedwa kumeneko.