Kandimverere Wagula Foni

Akuluakulu anati Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mkuluyu ankatumidwa kubwalo kuti akamvere mnzake mlandu, koma pobwerera ankasimba za chitenje cha mkazi wa mfumu, chigamulo atachitaya panjira. Komabe tisamunyoze kwambiri, chifukwa kubwaloko ankafikadi, mapazi ake n'kutuwa ndi fumbi. Mdzukulu wake wa lero sadzuka n'komwe. Akangogula bandulo ya WhatsApp, za dziko lonse amazimva ali chigonere.

Nkhani zake zimayamba mofanana: "Ndamva kwa mlamu wa mnzanga wa ku Capital Hill." Mlamu ameneyu alibe dzina, sakalamba, ndipo ntchito sizimusowa. Chisankho chikayandikira amapezeka ku MEC. Covid itabwera anasanduka dokotala, n'kutiuza kuti wobayitsa katemera sadzabereka. Mu Meyi 2021 boma linatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 ku Kamuzu Central Hospital atatha mphamvu. N'zoona kuti katemerayo anafika masiku ake atatsala pang'ono kutha, koma naye mlamu anathandizira kubweza anthu pakhomo la chipatala.

Mu 2016 Kandimverere anapha pulezidenti Peter Mutharika atachedwa kubwerako ku America. Mu Okutobala "malemuwo" anatsika ndege ku Kamuzu International Airport akubayibitsa anthu ndi dzanja lamanzere. Mukuganiza kuti Kandimverere anachita manyazi? Ayi ndithu. Anangoti, "Nanga lamanja lija mwaliona?" n'kupitiriza ulendo.

Pena nthabwala imathera panjira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Wopopa magazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe, koma aliyense anali ndi mnansi amene anamuona.

Ndiye titani, tizingomvera za boma basi? Dikirani kaye. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma Amalawi anauzidwa kuti atengedwa kupita ku South Africa kukalandira chithandizo, ndipo maliro analengezedwa pa 7 Epulo. Masiku awiri amenewo choonadi chinali kwa makondakitala a minibasi. Kandimverere nayenso amavala suti, amamanga tayi, n'kuwerenga chikalata pa wailesi mawu osanjenjemera.

Mankhwala a makolo anali akuti pita wekha ukamve. Zinali zotheka bwalo lili kuseri kwa dambo. Lero sungapite ku fakitale ya katemera kukasuzumira m'botolo, kotero wokumverera sungamupewe. Chomwe chatsala n'kumupanikiza ndi mafunso asanakhale pansi. Waona wekha kapena wamva? Wakuuza ndani, ndipo ali ndi dzina? Chithunzichi chinajambulidwa liti, kuti? Ndikakhulupirira, apindule ndani? Funso lopweteka kwambiri ndi lodzifunsa wekha: kodi nkhaniyi ndaimeza chifukwa ndi yoona, kapena chifukwa ikunyoza chipani chimene ndimadana nacho kale? Bodza lokomera mbali yako silitsamwa pakhosi.

Eni WhatsApp anayesako kuika timivi tiwiri pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri, kuti tichenjere nawo. Kwathu kuno ena timiviti amatitenga ngati chidindo cha mfumu: poti wafika kwa anthu ambiri chonchi, ungakhale wabodza bwanji?

Mafunso aja ndi aulere, koma kawayeseni pa gulu la WhatsApp la banja. Azakhali atumiza uthenga woti mandimu ndi adyo zimachiza matenda asanu ndi awiri, inu n'kufunsa mwaulemu kuti, "Azakhali, zimenezi mwazitenga kuti?" Yankho silichedwa: "Ine ndangotumiza mmene ndalandirira." Kenaka amalume, omwe ndi admin, akukumbutsani kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndi kuti sukulu yanuyo fizi anakulipirirani ndi iwowo.