Ulemu Upite kwa Katswiri wa 0-0

Aliyense amene anagwirapo padi ya PlayStation 2 amamudziwa mkulu ameneyu. Anzake akamathamangira kusankha Brazil kuti azinyadira Ronaldinho, iye amayamba walowa pomwe amakonzera kaimidwe ka timu, n'kukhalamo mpaka odikira pabenchi ayambe kung'ung'udza. Potulukamo, timu yake yaima 5-4-1, ndipo mmodzi wakutsogoloyo wamukokeranso pakati pa bwalo. Mpira ukatha 0-0 amadzuka, kudziwongola, kumwetulira. Anzake amati ndi wamantha. Akumulakwira: munthuyu ndi wofufuza, ndipo dziko lachedwa kumuthokoza.

Kafukufuku wake ndi wakalekale. Mu December 1993 kampani ya EA Sports inatulutsa FIFA International Soccer pa Sega Mega Drive, gemu ya matimu a mayiko 48 okhala ndi osewera a mayina opeka. Mwa njira zosewerera zomwe munthu ankasankha munali ina yoti timu yonse ibwerere kumbuyo. Ambiri ankaidumpha. Mkuluyu anaona kuti opanga gemu sangaike chinthu popanda chifukwa, choncho anakhazikika pomwepo.

Zomwe anatulukira n'zosaiwalika. Wosewera akagwetsa mnzake, woyimbira n'kumabwera ndi khadi, zinali zotheka kungoliyatsa liwiro. Woyimbira wosaukayo ankathamangira pambuyo, bwalo lonse kuzungulira, ndipo mpira sunkapitirira mpaka atamupeza wolakwayo. Kodi pali mphunzitsi wina amene anatetezapo golo lake mpaka kwa woyimbira yemwe? Ndiye chigoli nacho sankachivutikira. Ankangoimika wosewera pamphuno pa goloboyi wa adani pamene akufuna kumenya mpira kutali. Mpira umamugunda, kugwera pamapazi, iye n'kungoukankhira muukonde. Zikatero 1-0, zitseko zonse zatsekedwa, makiyi m'thumba.

Chaka chotsatira, 1994, kampani ya ku England ya Sensible Software inamupatsa sukulu yeniyeni. Mu Sensible World of Soccer, gemu ya pakompyuta ya Amiga, bwalo analigawa magawo 35, ndipo munthu ankatha kulamula pomwe wosewera aliyense aziima mpira ukakhala m'gawo lililonse. Ena anagwiritsa ntchito mwayiwu kukonza zomwetsera zigoli. Mkuluyu anachezera usiku wonse, gawo ndi gawo, kuyesa funso limodzi lokha: kodi anthu khumi angakwane bwanji kutsogolo kwa goloboyi popanda kupondana? Mu 2007 gulu lotsogozedwa ndi Henry Lowood wa ku yunivesite ya Stanford linaika gemuyi pa mndandanda wa magemu khumi ofunika kwambiri m'mbiri. Dzina la mkuluyu silinatchulidwe, monga mwa nthawi zonse.

Asanyozeke, ali ndi akuluakulu kumtundu kwawo. Helenio Herrera anatenga chikho cha ku Ulaya ndi Inter Milan mu 1964 ndi 1965 potseka kumbuyo mwa njira yotchedwa catenaccio. Greece ya Otto Rehhagel inatenga Euro 2004 itagonjetsa France, Czech Republic ndi Portugal, onsewo ndi 1-0. Chaka chomwecho José Mourinho anadandaula kuti Tottenham inabwera ndi basi n'kuiimika pagolo atalepherana 0-0 ndi Chelsea yake. Koma mu 2010, ali ku Inter, basi yomweyo anaiyendetsa yekha kupita nayo ku Camp Nou, ndi anthu khumi Thiago Motta atatulutsidwa, n'kuichotsa Barcelona mumpikisano. Ndipo pamene World Cup ya 1990 inauma zigoli, pafupifupi 2.2 pa masewero alionse, akuluakulu a malamulo analetsa goloboyi kugwira mpira womubwezera mnzake ndi phazi kuyambira 1992. Si mabanja ambiri amene dziko lonse linawasinthirapo lamulo.

Koma ufumu wake weniweni unali mu Pro Evolution Soccer ya Konami, maka ya nambala 5 ndi 6, za 2005 ndi 2006. Oyamba kusewera gawo la gemuyi lotchedwa Master League ankapatsidwa timu ya anthu opeka, osauka luso. Onse amakumbukira Castolo wakutsogolo ndi Minanda wapakati. Ndani amawalira Valeny, Stremer ndi Jaric, amene ankapuma wefuwefu kumbuyo kuteteza goloboyi Ivarov? Ndi mkuluyu yekha. Tayang'anani chala chake chachikulu: chagona chopingasa pa mabatani awiri, la X kuti wosewera wake akakamire mdani, la bokosi kuti mnzake abwere kudzathandiza. Mdani akapulumuka pamenepo, chalacho chimatsetsereka kupita pa batani lozungulira, ndipo wosewera amabwera chokhwekhwereza pansi, kusesa mpira, mwendo ndi udzu womwe. Nkhope yake osasintha. Amangoti, "Ndimafuna mpira, achimwene."

Otsutsa amati amaononga gemu, amabowa, ndipo sewero lake lili ngati ndiwo zopanda mchere. Koma taonani ubwino wake. Mwini malo osewerera magemu amamukonda, poti batani la R1 lothamangitsira osewera limakhalabe latsopano m'manja mwake. Amaphunzitsa anzake kudekha, ena mpaka kupemphera. Oonerera sasowa nthawi yopita kukagula chimanga chootcha, chifukwa pobwerako sapeza chomwe chasintha. Ndipo magetsi akathima pakati pa sewero, monga amachitira, wina aliyense amalira kuti amatsogola kapena amabweza. Mkuluyu yekha ndiye amatuluka ndi mtima woyera, sanagonje.

Kafukufukuyo sanathe. Mawa akufuna kuyesa wotchinga wachisanu ndi chimodzi, mkuja aone ngati wakutsogolo uja angathandizeko kumbali. Mukamupeza atagwira padi, musamufulumizitse, ndipo musataye nthawi kusankha Brazil. Pitani mukaphunzire kumenya mapenate, chifukwa n'komwe mukathere naye.