Imvi zinandimetetsa mpala

Inunso mukudziwa mmene imvi zoyamba zimawawira, musakane. Zanga zitatulukira m'mbali mwa makutu, ndinadziona wochenjera kuposa azibambo anzanga opaka dayi wakuda. Ine ndinafuna mutu wonse ukhale wachikasu ngati wa anyamata osewera mpira, imvizo zisowere momwemo. Mayi akunyumba anandifunsa ngati pali timu yomwe ikufuna munthu wa mimba ngati yangayi. Ndinati imeneyo ndi nsanje.

Ndinagula kaufa koyeretsera tsitsi ndi kabotolo ka hydrogen peroxide, n'kusakaniza m'mbale yodyera ana phala. Pepala linatchula mphindi zake, koma ine ndinawonjezerapo, ati tsitsi la mwamuna silimva msanga. Mankhwalawa amatsegula timamba tokuta tsitsi n'kulowa mkati kukawononga melanin, amene amalidetsa. Tsoka lake sasankha, amadulanso timfundo ta sulufule tomanga keratin, puloteni yomwe imalimbitsa tsitsilo. Ndipo lakuda silifika pachikasu lisanayambe lafiira. Langa linaima pomwepo. Mayi anangoti akwatiwa ndi ndevu za chimanga.

Munthu wanzeru akanavala chipewa. Koma chinthu chimene wavutikira ungachibise bwanji? Okutobala yense ndinayenda mutu uli pamtunda, kumsika, kubwalo la mpira, dzuwa likuswa mtengo, ndikumati anthu akundiyang'anawa asirira. Chonsecho melanin ndinachotsa uja ndi amene amateteza tsitsi ku cheza cha UV, chomwe nachonso chimaphwanya keratin. Dzuwa linangomalizitsa ntchito yomwe ndinaiyamba ndekha.

Ndikasamba, tsitsi linkatamuka kenako n'kuduka, chipeso n'kutuluka nalo lambiri kuposa lotsala. Ndinayamba kuba mafuta a mayi. Ndinapaka a nsatsi, mpaka mapeyala omwe anasungira ana. Atandigwira, anandiuza modekha kuti tsitsi lomwe latuluka pakhungu ndi lakufa kale, silichira ngati bala, mafuta amangolisalalitsa pamwamba. Anati latsopano limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, ndiye ndidikire, koma mapeyalawo ndibweze lero lomwe.

Anandimeta okha pakhonde ndi lumo, akuseka mpaka dzanja kunjenjemera, ine ndikupempherera makutu anga. Mawa lake aneba anafika mwakachetechete, n'kukhala pansi, n'kupereka moni wotsitsa mawu. Ankafuna kudziwa kuti tataya ndani kumudzi, poti iwo uthenga wa maliro sanaumve.