Tinathawa Milton ndi batire losadzaza

Cholakwa chinali changa. Lolemba pa 7 Okutobala 2024, akuluakulu a boma ku Tampa atalamula kuti ife okhala kufupi ndi nyanja tisamuke chifukwa cha namondwe wa Milton, batire la galimoto yathu yamagetsi linali pa 31 peresenti. Chiyambire Loweruka, amayi a Chisomo ankandikumbutsa kuti, "Bambo a Chisomo, katchajeni galimoto." Ine ndinkangoti tione kaye kumene mphepo ilowere. Ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Pa nyumba za lendi zimene timakhala palibe potchajira. Kuisiya galimotoyo nako kunali koopsa, chifukwa pasanathe masabata awiri, namondwe wa Helene anali atakankhira madzi amchere m'misewu, ndipo mabatire ena onyowa anabuka moto. Choncho madzulo tinalowa mu msewu wa I-75, ulendo wa ku Gainesville, makilomita pafupifupi 200, pamene batire likanatifikitsa 120 okha.

Msewu unali wodzaza, magalimoto akuyenda ngati pa maliro. Ndinazimitsa makina oziziritsa mpweya kuti ndisunge moto, Chisomo n'kuyamba kulira ndi kutentha. Kumbuyo kunali apongozi anga, amene anabwera kudzationa kuchokera ku Blantyre. Iwo anaona matope a namondwe wa Freddy akukokolola nyumba ku Chilobwe mu 2023. Anangofumbata jumbo ya mapasipoti pachifuwa, milomo ikugwedezeka ndi pemphero.

Potchajira poyamba tinapeza mzere wofika kumsewu. Pachiwiri makina anali akufa. Ndinasomeka chingwe, ndinazula, ndinasomekanso, koma zii. Batire linali pa 6 peresenti. Amayi a Chisomo sanandidzudzule. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye mwanayu timugoneka kuti?" Funso limenelo limandibayabe.

Tinapatukira pa tchalitchi china pamene panali kuwala. Bambo wina wachikulire anatitsegulira, n'kukoka chingwe kuchoka pa soketi ya kukhitchini. Soketi wamba ya 120 volts imatchaja pang'onopang'ono, ola lathunthu makilomita ochepa chabe. Tinagona pa mabenchi, ndipo kutacha tinali ndi moto wotifikitsa potchajira mwachangu. Lachitatu usiku Milton anagunda kufupi ndi Siesta Key, nyumba ndi mabizinesi oposa 3 miliyoni n'kukhala mumdima. Tikanachedwa masiku awiri, ngakhale soketi ija sikanatithandiza.

Galimoto sindiiimba mlandu. A magalimoto apetulo nawonso anavutika, mapampu ambiri atauma. Kusiyana kwake n'kwakuti magetsi sungawatunge m'chigubu kwa mnzako, ndipo kudzaza batire kumafuna nthawi imene ine ndinaitaya.

M'mawa uja pa tchalitchi paja, apongozi akupinda chitenje chimene anafunditsa mdzukulu wawo, anandiuza kuti, "Bambo, ku Chilobwe matope anatipeza usiku tili mtulo. Inu munauzidwa kukadali masiku." Ndinasowa choyankha. Tsopano kuyambira Juni mpaka Novembala, nyengo ya anamondwe, ndikangomva chenjezo loyamba ndimapita kukatchaja ndisanadye.