Ulemu kwa a Modemu, ankhoswe a maofesi awiri

Zipangizo za masiku ano zimalumikiza makompyuta mosauza munthu. A Modemu a pa waya wa telefoni sankatero. Ankayamba aimba nambala momveka, kenako kulira, kukhosomola, kufwenthera, mpaka ofesi yonse idziwe kuti zokambirana zayamba. Phokoso lija silinali lachabe. Mmenemo iwo ndi anzawo a tsidya lina ankayesa waya n'kumvana liwiro loyendera, monga achitira ankhoswe asanalole kuti mabanja awiri akhale pa mphasa imodzi.

Ntchito yawo inali yaikulu. Tiyerekeze kampani ili ndi makompyuta asanu ku Limbe ndi atatu ku Mzuzu, gulu lililonse pa netiweki yakeyake. Uku mukaika a Modemu, uko mukaikanso anzawo, pakati nkuyendetsa PPP, ndondomeko imene inalembedwa mu RFC 1661 m'chaka cha 1994, basi maofesi awiri asanduka amodzi. Ngati onse anasankha maadiresi oyamba ndi 192.168.0, uthenga wopita ku Mzuzu unkangozungulira mu Limbe momwemo kufunafuna mwini wake, koma limenelo linali vuto la anthu, osati la a Modemu.

Kudzichepetsa kwawo nkosasimbika. Pa katoni ankalembapo 56k, mawu a muyezo wa V.90 wa 1998. Koma liwiro limenelo linkafuna kuti mbali imodzi ikhale pa layini ya dijito ya kampani yogulitsa intaneti. Akakumana okhaokha, a Modemu ndi a Modemu anzawo pa mawaya wamba, sankapitirira 33.6k, ndipo nyengo ya mvula ankatsikanso pamenepo mwaufulu. Fayilo ya megabaiti imodzi inkatenga mphindi pafupifupi zinayi, waya ukakhala kuti wadzuka bwino. Ndani lero amapatsa wantchito mpata wotere woti aganize kawiri asanatumize lipoti? Makalata ambiri aukali anafera m'njira, olemba ake atapsa mtima mpaka kuphwa.

Pomvera lamulo ndiye musanene. Chilankhulo chawo anachilandira kwa Hayes Smartmodem ya 1981: mukati ATDT ndi nambala, ankaimba, mukati ATH, ankatsitsa foni osanyinyirika. Mlembi wa abwana akanyamula foni pa layini yomweyo kuti afunse za maliro kumudzi, a Modemu ankasiya zonse n'kupereka malo. Ntchito ya theka la ola inkatayika, inde, koma mwambo unkasungidwa.

Tisaiwale kuti anatumikiraponso anthu akuluakulu. Imelo yoyamba ya ku University of Zambia, kampani ya intaneti ya ZAMNET isanabadwe mu 1994, inkayenda pa FidoNet: makalata ankaunjikidwa, a Modemu nkuimba foni pa nthawi yoikika kukatula mtolo ndi kutenga wina. Ku America nako, kampani ya intaneti ya AOL inawasunga pa ntchito mpaka pa 30 Sepitembala 2025. Ndi foni ya m'manja iti imene idzafike msinkhu umenewo?

Koma chimene ndimawatamira koposa ndi khama la usiku. Akatswiri ankawatchera kuti aziimba okha pakapezeka uthenga wopita tsidya lina, n'kudula pakakhala bata. Tsono makompyuta a Windows ali ndi khalidwe lolengeza mayina awo kawirikawiri ngakhale palibe wawafunsa. Katswiri akaiwala kutsekereza zolengezazo, a Modemu, posafuna kunyoza aliyense, ankamva kalikonse ngati nkhani yofulumira. Ankaimba Mzuzu pakati pa usiku, kudula, kuimbanso, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, pa mtengo wa foni yakutali. Pakutha pa mwezi bilu inkabwera yonenepa, akauntanti nkugwira pakamwa, ndipo woitanidwa kukafotokoza kwa abwana ankakhala mlonda.